Luma Pano, Tikhale Awiri

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri m'chaka chimene akufa oyenda analowa m'chigafa chathu cha fodya. Anabwera nawo ndi achimwene anga a Limbani, m'kamemore kochepa ngati chikhadabo. Iwo anali atamaliza Fomu 4 koma ntchito inali isanaoneke, ndiye ankangothandiza abambo pa fodya. Tsiku lina amayi anawatuma kwa anyamata oika nyimbo pa Nsaru kuti akaikitse makwaya. Makwayawo anabwera nawodi, koma pansi pake panali buku. Linali buku lopanda masamba. Munthu wina kutali uko anakhala pansi n'kuliwerenga lonse mokweza m'Chingerezi, mawu akewo n'kusungidwa m'kamemoremo.

Inali nyengo yosoka fodya. Amene anakulira kwathu akudziwa kuti ntchito imeneyi ilibe chifundo. Umakhala pansi kuyambira m'mawa, mulu wa masamba uli patsogolo, singano ya waya ili m'manja, ukusoka tsamba ndi tsamba kuti akulu apachike pamikangala. Manja amada bii ndi utomoni, ndipo ukaiwala n'kugwira m'maso umalira popanda wokumenya. Msana umauma, matako amachita dzanzi. Makutu okha ndiwo amakhala opanda ntchito, ndipo m'pamene a Limbani anapezerapo mpata. Anapachika kawailesi pamzati n'kutsegula bukulo.

Wowerengayo anali ndi mawu apansipansi, odekha, onga a munthu wolengeza maliro. Ife Chingerezi chake sitinkatolapo kanthu. Akayankhula pang'ono, a Limbani ankaimitsa wailesi ndi chigongono, poti zala zinali zomata, n'kutimasulira m'Chichewa. Ndikuti kumasulira, koma zoona zake kunali kuthira mchere ndi tsabola. Mizinda yakunjayo ankaisandutsa yakwathu. Ankati, "Pano tsopano afika pa Kabudula. Msika wonse uli zii, matimati ali mbwee pansi, ogulitsa onse asanduka." Ife tsemwe thupi lonse, poti pa Kabudula tinkapadziwa.

Nkhani yake inali yakuti padziko panagwa matenda achilendo. Munthu akafa ankadzukanso, osazindikira ngakhale mayi ake omubala, chomwe ankafuna n'kuluma basi. Wolumidwa ankaoneka bwinobwino poyamba, kabala kake kakang'ono, akuseka ndi anzake. Kenako thupi linkatentha, kenako n'kusanduka. A Limbani ankazitcha zinthuzo mazombi. Amayi atamva koyamba anaika singano pansi.

"Kodi zimenezi si ndondocha? Mukundimvetsera zaufiti pakhomo pa mkulu wa mpingo?"

"Ndondocha zimalimira mwini wake, amayi. Izi zilibe mwini."

"Ndiye n'zoipa kuposa," anatero amayi, koma sanazimitse wailesi.

Abambo nawo ankadzionetsa ngati alibe nazo ntchito. Ankakhala m'mwamba akupachika fodya, msana atatipatsa, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Koma batire ikatha pakati pa nkhani, iwo ndiwo ankayamba kukalipa kuti bwanji kasola sikanaikidwe padzuwa. Nthawi zina timangomva mawu akuchokera kudenga: "Nanga mayi wa mwana uja anawoloka mtsinje, kapena amusiya?"

Ine ndinabadwa wamantha, ndipo sindikana. Nkhuku ikachedwa kulowa m'khola ndimakhala nditaiona kale m'kamwa mwa vumbwe. Ndiye mungayembekezere kuti nkhani zoterezi ndikanazithawa. Ayi ndithu, ndinkazikonda koopsa. Mantha a m'nkhani anali okoma chifukwa anali ndi batani lozimitsira. Mtima unkagunda, koma ndikadzutsa mutu amayi anali pomwepo, fodya akununkha, mvula ikudontha kuudzu. Popita kumjigo ndinkayang'ana nyumba za m'mudzi mwathu n'kumasankha yoti tidzathawiremo. Ya a tchalimani ndinaikana chifukwa mazenera ake anali aakulu.

Amene sitinkamuganizira ndi mng'ono wathu Fatsani. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ntchito yake inali kutipatsira masamba, ndipo dzuwa likakwera ankapita kukamangirira mbuzi kudambo. Nkhani ikamayenda ankakhala duu, kukamwa kuli yasa, osafunsa funso. Tonse tinkayesa kuti zambiri zikumudutsa pamwamba.

Tsiku lina nkhani inafika pamalo ovuta. Bambo wina anali atatsekera banja lake m'nyumba, ndipo mwana wake wamng'ono anabwera akuthamanga, atalumidwa kumwendo, n'kumagogoda pachitseko. M'nyumbamo munali ana ena. Wowerengayo atafika pamenepo, batire inatheratu, kawailesi kali zii. Tonse tinakuwa. A Limbani, posafuna kuti moto uzime, anayang'ana kudenga n'kufunsa.

"Inu abambo, mukanakhala inu mukanatani?"

Abambo anaseka, mkangala uli m'manja. "Aa, pamenepo palibe mlandu. Wolumidwa ndi wolumidwa. Ndikanatseka chitseko, n'kuchirikizapo ndi mtondo, ndipulumutse otsalawo."

Tinaseka tonse, ngakhale amayi. Zinali nthabwala za munthu amene watopa ndi ntchito, munthu yemwe sakanatha kutsekera panja ngakhale mwanapiye. Tinkawadziwa. Sitinaganize zoti pakati pathu pali wina amene sanafike poti n'kusiyanitsa abambo oseka ndi abambo onena zoona.

Masiku otsatirawo kunachita mitambo, kasola sikanagwire moto wokwanira, ndipo nkhani inaima pomwepo, mwana uja akadali pachitseko. M'masiku omwewo munamveka mbiri yoti kumudzi wa kutsidya kwa dambo apha galu wachiwewe. Akuti anali galu wosadziwika mwini, dovu likuchucha, akuyenda mopepesuka, ndipo analuma mwana wa ng'ombe asanamugwetse ndi zibonga. Azimayi kumjigo ankasimba zimene chiwewe chimachita kwa munthu: amaopa madzi, amauwa, amafuna kuluma abale ake, ndipo zikafika pamenepo palibenso mankhwala. Ine ndinaimirira ndi ndowa yanga, ndikumvetsera. Zimene ankanenazo ndinali nditazimva kale m'chigafa, kungoti izi zinalibe batani.

Masana a tsiku lotsatira amayi anandituma kuti ndikamusambitse Fatsani, poti anali atayamba kuthawa madzi. Mawu akuti kuthawa madziwo anandilasa, koma ndinadziletsa. Ndinamupeza kuseri kwa nyumba, atavala buluku lalitali la kutchalitchi pakati pa sabata, kunja kukutentha. Nditamuuza kuti avule anakana. Ndinamugwira, iye n'kukankha, ndipo polimbanapo buluku linakwera. Kunsi kwa bondo, chakumbuyo, anali atamangapo kansanza. Nditamasula ndinaona timabala ta mano, m'mbali mwake mutatupa, mutafiira.

"Chakuluma n'chiyani?"

"Galu. Kudambo kuja, ndikumangirira mbuzi."

"Liti?"

"Dzana."

Anandigwira diresi ndi manja onse awiri. Sankalira mokweza, misozi inkangotsika. "Achemwali, musanene. Chonde musanene. Anditsekera panja. Sindinasanduke, taonani, ndikukudziwani. Ndinu a Tadala." Kenako anandilumbiritsa monga tinkachitira ana, kunyambita chala n'kuloza kumwamba. Ndinalumbira, chifukwa nkhope yakeyo sinali yoti n'kuikanira kanthu.

Sindinayambe ndasokapo fodya woipa ngati wa masana amenewo. Singano inkandibaya, masamba ankang'ambika, amayi anandidzudzula kuti ndikuwononga chuma. Maso anga anali pa Fatsani. Akameza malovu, ine singano n'kuima. Akakanda pakhosi, ine n'kumuyang'anitsitsa. Ndinamutungira madzi m'kapu, anamwa. Patapita kanthawi ndinamutungiranso, anamwanso. Nditabwera nawo kachitatu, a Limbani anafunsa ngati ndikufuna kumusandutsa mtsuko.

M'mutu mwanga munali ndewu. Kumbali ina kunali lumbiro, ndipo tinaphunzitsidwa kuti wolumbira monama Mulungu amamuona. Kunalinso kamantha kena kochititsa manyazi: nanga abambo akatsekadi? Ndinkadziwa kuti sangatero, komabe mawu aja ndinawamva ndi makutu anga, ndipo mantha akakula amakudyera nzeru. Kumbali inayo kunali bukulo. M'nkhani yonseyo ndinali nditaona chinthu chimodzi chikubwerezabwereza. Gulu lililonse limene linatha, silinathe chifukwa cha akufa a panja. Linatha chifukwa wina mkati anali ndi bala, analibisa, ndipo mnzake amene ankadziwa anakhala chete pomukonda. Nthawi zonse ndikamamva zimenezo ndinkakwiya, n'kumati, "Tanenatu iwe, nthawi ikutha!" Tsopano wokhala chete uja ndinali ine.

Amayi anali ndi mwambi umene ankaukonda tikamabisa mutu kapena m'mimba: mukabisa matenda, maliro tidzamva. Unangondibwerera wokha. Dzuwa litapendeka ndinaika singano pansi, ndipo mawu anatuluka osakonzekera, okwera kuposa mmene ndinkafunira.

"Amayi, Fatsani analumidwa ndi galu uja."

Fatsani anandiyang'ana, ndipo kayang'anidwe kameneko sindidzakaiwala mpaka kumanda. Kenako anadzambatuka, liwiro la mtondo wadooka. Abambo anatsika pamtanda osayang'ana popondera, fodya wa pamkangala n'kugwera m'dothi, iwo osacheuka. Tinamwazikana. A Limbani analowera m'chimanga, amayi anathamangira kudambo akuitana dzina lake ndi mawu amene sindinawamvepo. Ine ndinakumbukira kuti tsiku lina posewera anandiuza kuti mazombi akadzabwera iye adzabisala munkhokwe, chifukwa alibe nzeru zokwera. Ndinawakoka abambo malaya n'kuwalozera.

Nkhokwe nyengo imeneyo inali yopanda kanthu, chimanga chakale chitatha, chatsopano chisanakhwime. Abambo anaimika mtondo, anakwerapo, n'kukweza denga pang'ono. Ine ndinasuzumira pampata wa nsungwi. Anali mkati, atadzipinda pakati pa zitsononkho, atagwira mwendo wake.

"Fatsani, tuluka mwanawe."

"Ayi. Ndikhala muno. Simukufunikanso kutseka, ndadzitsekera ndekha."

"Ndani wanena zotseka?"

"Inuyo. Munati wolumidwa ndi wolumidwa. Munati muchirikizapo mtondo."

Abambo anali ataima pa mtondo womwewo. Ndinawaona akuyang'ana pansi pa mapazi awo. Munthu amene ankatha kupemphera m'tchalitchi mpaka ana kugona, tsiku limenelo mawu anamuthawa. Ndinkayembekeza kuti anena kuti zinali zocheza, kapena akalipa. Sanachite zimenezo. Anakankhira denga kumbali, anakwera, n'kulowa munkhokwemo, nsungwi zikulira ndi kulemera kwawo. Anakhala pansi pa zitsononkho, anapinda mkono wa malaya, n'kuika dzanja lawo lakuda ndi utomoni pakamwa pa mwanayo.

"Luma pano," anatero.

Fatsani anangowayang'ana.

"Luma, tikhale awiri. Akatseka, atsekere tonse. Ine sindilowa m'nyumba imene iwe ulibemo."

Sanalume. Anagwira mkonowo n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni tsopano, kwa mwana amene wasenza katundu wa akulu kuyambira dzana. Inenso kunjako ndinkalira, mphuno ili pansungwi.

Zotsatira zake zinachitika mothamanga. Amayi anatsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri mpaka Fatsani anakuwa. Azakhali athu, alongo awo a abambo, anafika akupuma wefuwefu n'kunena kuti wina athamangire kutsidya akafukule galuyo, amete ubweya, tiwotche, phulusa lake tipake pabala, ndiwo mankhwala a makolo. Abambo sanafune kukangana ndi mlongo wawo. Anangoti, "Zaubweyazo tikambirana ndikabwera, achemwali," uku akupopa njinga. Anamukhazika Fatsani pakaliyala, amayi n'kumumangirira kumsana kwawo ndi chitenje ngati khanda. Ndinaima pamsewu ndikuwayang'ana akuterereka m'matope mpaka anabisika ndi chimanga.

Kuchipatala anamubaya jakisoni, ndipo anawauza kuti abwerenso maulendo ena angapo osaphonyako. Anawauzanso kuti anachita bwino kufika zizindikiro zisanayambe. Zaubweya sizinakambidwenso. Koma nkhawa sinathere pomwepo. Masabata amene anatsatira anali aatali kuposa nyengo yonse ya fodya. Fatsani akatsokomola, tonse tinkasiya ntchito. M'mawa uliwonse ndinkamupatsa kapu ya madzi n'kumuyang'anitsitsa pakhosi. Iye anakhala nthawi osandiyankhula, poti ndinaswa lumbiro, koma madziwo ankalandira. Abambo anamuchotsa kugowelo kwa a Limbani n'kumamugoneka pamphasa pambali pawo. Fodya wina anawola chifukwa cha maulendo akuchipatala, ndipo sindinawamve akudandaula.

Amayi ankafuna kuponya kamemoreko m'chimbudzi. Abambo anakana. Anati mwana uja wa m'nkhani tinamusiya ataima pachitseko, ndipo Fatsani sangapeze mtendere mpaka amve mathero ake. Ndinawaona akuitanira a Limbani kuseri kwa khola, akuyankhula nawo motsitsa mawu, koma sindinaikeko mtima. Dzuwa litabwerera, batire itadzaza, tinakhalanso m'chigafa. Fatsani anakhala pamiyendo pa abambo. Wowerenga uja anayankhula ndi mawu ake a maliro aja, a Limbani anaimitsa ndi chigongono, anakonza pakhosi.

"Ndiye bambo uja wachotsa mtondo, watsegula chitseko, wamunyamula mwana wake. Wamutsuka bala ndi sopo. Tsopano akumuthamangitsira kuchipatala cha ku Nambuma, akuti kumeneko kwapezeka jakisoni."

Fatsani anapuma mpweya wautali. Tonse tinawomba m'manja, manja omatamata aja. Patsiku limenelo Fatsani anandipatsa chimanga chowotcha chimene anali ataluma kale, ndipo ndinadziwa kuti mlandu wanga watha.

Sanadwale. Lero ndi bambo wa ndevu zake, amakonza njinga zamoto pa Namitete, ndipo agalu amawadutsira patali mpaka pano. Ine khalidwe lija silinandichoke. Ndimasoka zovala, ndipo makina akamalira ndimakhala ndi timawaya m'makutu, ndikumvetsera mabuku a mtundu womwewo pafoni: dziko latha, akufa akuyenda, anthu ochepa akufunafuna pobisala. Makasitomala amadabwa akandiona ndadzidzimuka ndekhandekha. Chingerezi ndinachiphunzira ndithu, ndipo theka lake ndinaliphunzira kwa owerenga a mawu a maliro amenewa.

Chaka chathachi ndinakumana nalo buku lija. Ndinalizindikira ndi mawu a wowerengayo, n'kuona ngati ndabwerera m'chigafa. Ndinalimvetsera mpaka pamalo paja, mwana akugogoda. Ndinaimitsa makina, n'kudikira kuti bambo uja atsegule. Sanatsegule. Anakhala kuseri kwa chitseko atatseka makutu mpaka kugogodako kunaleka. Munalibe sopo, munalibe jakisoni. Ndinabwezera m'mbuyo n'kumveranso, poganiza kuti mwina Chingerezi chandipita. Zinali zomwezo.

Ndinawaimbira a Limbani pomwepo. Anaseka kaye, kenako mawu awo anatsika. "Abambo anandiuza kuseri kwa khola kuja," anatero. "Anati, kaya mzunguyo anena zotani, iwe utsegule chitsekocho."

Abambo anatisiya zaka zingapo zapitazo, ndipo sindinapeze mwayi wowafunsa. Ndinakhala pamakina ndikulira, nsalu ya kasitomala ili pamiyendo.

Nthawi yonseyi ndinkayesa kuti phunziro la tsiku lija linali lakuti bala silibisidwa, ndipo n'zoona, silibisidwa. Koma tsopano ndikuona chimene abambo anachiona ataima pa mtondo paja. Munthu sabisa bala chifukwa chopusa. Amabisa chifukwa anamvapo, mwina mocheza, mwina pa nkhani ya munthu wina, zimene a pakhomo pake amachita ndi olumidwa. Ndili ndi mwana wamkazi tsopano, ndipo amakhala duu pambali pa makina monga ankachitira Fatsani. Azimayi akabwera kudzayesa zovala n'kuyamba kudya miseche ya mwana wa uje amene watenga mimba, kapena wa uje amene walephera mayeso, wina n'kunena kuti akanakhala wake akanamuthamangitsa, ine ndimaimitsa makina. Sindiseka nawo. Ndimayang'ana mwana wanga, n'kunena mokweza kuti amve bwinobwino: "Wanga ine ndikanamutsegulira."